Mwala wa ku Machinga ndi Funso la Mwana

Owerenga ayerekeze za gulu la ana a Sikauti a ku Jenala, m'boma la Phalombe, anyamata ndi atsikana osapitirira zaka 14, amene anasonkha ndalama miyezi itatu kuti akaone nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre. Ena anagulitsa nandolo wa m'munda wa gulu, ena anakapempha kwa amalume awo, ndipo mmodzi anagulitsa nkhuku imene agogo ake anampatsa kuti awete. Ananyamuka tambala woyamba atalira, atamanga mipango yawo m'khosi, pamodzi ndi mtsogoleri wawo ndi mphunzitsi wa katekisimu amene makolo anampempha kuti awaperekeze. Phiri la Michesi analisiya kumbuyo kusanayere, napyola Chiradzulu ndi Limbe, nafika ku Chichiri dzuwa litakwera pang'ono.

Nyumbayo si yaikulu ngati za ku London kapena ku Johannesburg, koma ili ndi mbiri yake. Lamulo lokhazikitsa nyumba zotere linapangidwa m'chaka cha 1957, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Zinthu zoyamba zinaonetsedwa ku Mandala mu 1960, ndipo nyumba ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966. Pabwalo pali injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi, galimoto lozimitsira moto ndi basi ya masiku a atsamunda. Apo anyamata anachedwa ndithu, pakuti palibe mnyamata amene angapyole chitsulo chachikulu osachigwira. M'kati anaona zida za makolo ndi zina zambiri. Komatu chimene chinawatontholetsa onse ndi mwala umodzi wakuda, wosakongola konse, umene mlimi wa ku Jenala akadaupeza m'munda mwake akadangoukankhira kumalire.

Mwalawo unagwa kuchokera mumlengalenga pa 22 Januwale 1981, m'boma la Machinga, ndipo umalemera makilogalamu 93, ndiye kuti pafupifupi matumba awiri a feteleza. Akatswiri amati miyala yotere ndi zidutswa za miyala ikuluikulu imene imazungulira dzuwa pakati pa njira ya Mars ndi ya Jupiter. Miyalayo ikawombana, zidutswa zimamwazika, ndipo china chimatha kusokera zaka mamiliyoni mpaka chikumane ndi dziko lapansi. Chimalowa mumpweya ndi liwiro losachepera makilomita 11 pa sekondi imodzi. Kunja kwake kumatentha nkusungunuka, ndipo nchifukwa chake khungu lake limada. Tating'ono timapsa tonse tisanafike pansi, ndipo ndito timene anthu akationa usiku amati nyenyezi yathothoka. Msinkhu wa miyala yotere amauwerenga motere: m'kati mwake muli zinthu zina zimene zimasanduka zina pang'onopang'ono, pa liwiro lodziwika ndi losasintha, monga mtsuko wodontha mofanana usana ndi usiku, tsono woona madzi otsala ndi madzi otayika amadziwa tsiku limene mtsukowo unadzazidwa. Kuwerenga kumeneko kumafika zaka pafupifupi mamiliyoni 4,500. Palibe thanthwe la Mulanje kapena la Zomba limene lingafikeko pa ukale.

Atamva zimenezi, mtsikana wina anatembenukira kwa mphunzitsi wa katekisimu uja nati: "Aphunzitsi, kodi mwalawu unachokera kumwamba kumene kuli Mulungu? Nanga anauponya ndani?" Asanayankhe, mnyamata wina amene banja lake linataya anthu m'madzi a chaka cha 2023 anawonjezapo lake: "Aphunzitsi, ngati uwu unagwa wokha popanda wouponya, nanga miyala imene inatsika m'phiri ija anaigubuduza ndi Napolo, monga amanenera agogo, kapena inagwanso yokha?"

Mafunso awiriwa ndiwo mutu wa nkhani ino. Kodi munthu wamkulu ali ndi ngongole yanji kwa mwana amene wamfunsa zoona, pamene zoonazo zingathe kugwedeza zimene mwanayo anamva kwa makolo ake, mwinanso zimene anamva m'tchalitchi? Funsoli si la mphunzitsi mmodzi yekha ayi. Limafikira kholo lililonse limene mwana wake wapita patsogolo ndi sukulu, ndiponso aliyense wophunzitsa katekisimu Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango.

Poyamba kuyenera kuyankha iwo amene amati ulendowo sunayenere kuchitika nkomwe. Kholo lina linganene kuti: "Miyala ndiye yatikwana konkuno, Michesi yense ndi mwala. Mwana atayirenji ndalama ya sopo ndi makope kukaona mwala ku Blantyre?" Mawu amenewa sayenera kusekedwa, chifukwa amachokera kwa munthu amene amadziwa kuwawa kwa ndalama. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kufuna kudziwa. Kwina ndi kwa munthu wachidwi chopanda pake, amene amasiya ntchito yake kuti akasuzumire za eni, kapena amaphunzira kuti akanyade pa anzake. Kumeneko anakutcha chilema. Kwina ndi kwa munthu wofunafuna zoona mwakhama, pa nthawi yake ndi pa muyeso wake. Kumeneko anakuwerengera pakati pa makhalidwe abwino. Ulendo umene ukadalanda banja chakudya ukadakhala wolakwa. Koma ana amene analima okha nandolo kuti akaone ndi maso chimene amangochimva m'buku sanachite zopanda pake. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsono mphunzitsi uja, ataimirira pamaso pa ana ndi pamaso pa mwala, anali ndi njira yapafupi imene akuluakulu ambiri amaidziwa bwino: kumkhalitsa chete mwanayo. "Khala chete, zimenezo si za ana." Mawu amenewa amathetsa phokoso msanga, koma sathetsa funso. Funsolo limalowa pansi ngati moto wa m'mankhusu, ndipo mwanayo amaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti pali mafunso amene akulu a mpingo amawaopa. Akadzakula nadzamva yankho kwa munthu wina, mwina munthu wonyoza za Mulungu, adzakumbukira tsiku limene anamkalipira, nadzaganiza kuti anamkalipira chifukwa analibe choyankha. Ambiri mwa ophunzira amene anasiya kupemphera sanachoke chifukwa cha zimene anaphunzira. Anachoka chifukwa cha zimene anakanizidwa kufunsa.

Njira ina ndi yofewa, ndipo nchifukwa chake ndi yoopsa koposa. Ndiyo kumuuza mwana bodza looneka lopembedza. Mphunzitsi akadatha kunena kuti mwalawo anauponya ndi mngelo pochenjeza anthu ochimwa a ku Machinga, ndipo ana akadagwedeza mitu, nkubwerera kwawo ali ndi mantha oyera. Munthu wotero amadzitonthoza kuti wanamira zabwino. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, analemba mabuku awiri athunthu pa nkhani ya bodza, ndipo anakana ndithu kuti pali bodza lololedwa. Mwa mabodza onse, limene analiika pa malo oyamba pa kuipa ndi bodza lonenedwa pophunzitsa za chipembedzo. Chifukwa chake nchosavuta kuchimva. Mphunzitsi wa katekisimu amaphunzitsa zinthu zambiri zimene mwana sangathe kuziyesa ndi maso kapena ndi manja. Mwanayo amazilandira chifukwa chomkhulupirira iyeyo. Ngati tsono anama pa chinthu chimene chingayesedwe, nadzagwidwa, adzamkhulupirira ndani pa zimene sizingayesedwe? Wogulitsa amene wapezeka ndi sikelo yachinyengo pa nandolo sakhulupiridwanso ngakhale pa mchere. Ndipo Augustine yemweyo, pomasulira buku la Genesis, anadandaula za Akhristu amene amalankhula zolakwika pa za nyenyezi, nyama ndi miyala pamaso pa anthu akunja odziwa bwino zinthuzo, namanena kuti zolakwikazo azitenga m'Malembo Oyera. Iye anaona kuti chipongwe chake sichigwera wolankhulayo yekha, chimagweranso Malembowo.

Funso la mtsikana uja silinali lovuta monga linamvekera. Chichewa chili ndi liwu limodzi, lakuti kumwamba, limene limasenza katundu wa mitundu iwiri. Pali kumwamba kumene kumauluka akabawi ndi ndege, kumene kuli mitambo, mwezi ndi nyenyezi. Kumeneko ndi mbali ya chilengedwe chomwechi, ndipo kungayesedwe ndi makilomita. Palinso Kumwamba kumene Eklezia amanena, kumene si malo oti chombo chingafikeko, koma ndi moyo wokhala ndi Mulungu. Mwala wa ku Machinga unachokera koyambako. Wouponya panalibe, monga momwe palibe amene amaponya bango likagwa mumtsinje kapena mango akagwa mumtengo. Komabe kunena chotero sikumchotsa Mulungu pa malo pake. Mwana akafunsa kuti nsima yapsa bwanji, wina angayankhe kuti ndi moto, wina angayankhe kuti amayi aphika kuti ana adye. Mayankho awiriwa salimbana, chifukwa sayankha funso limodzi. Sayansi imafotokoza za moto ndi mphika. Chifukwa chake pali moto ndi mphika ndi malamulo osasintha amene miyala imatsata poyenda, m'malo moti pasakhale kanthu kalikonse, ndi funso lina, limene sikelo ndi makina oonera kutali sizingalifike.

Mphunzitsi wodziwa mbiri ya Eklezia sayenera kuchita manyazi m'nyumba yotere. Woyamba kuona umodzi wa miyala ikuluikulu ija ya pakati pa Mars ndi Jupiter anali wansembe, Bambo Giuseppe Piazzi, ku Palermo, usiku wa pa 1 Januwale 1801, anautcha Ceres. Amene anaonetsa ndi masamu mu 1927 kuti thambo lonse likufutukuka, nadzanena mu 1931 kuti linayamba lili lopanikizana pamodzi, analinso wansembe, Bambo Georges Lemaître wa ku Belgium. Msonkhano wa maepiskopi wa Vatican woyamba unaphunzitsa mu 1870 kuti chikhulupiriro ndi nzeru yolunjika sizingatsutsane, popeza zonse zimachokera kwa Mulungu mmodzi. Komatu mphunzitsi yemweyo asabise mbali inayo. Mu 1633 bwalo la Eklezia ku Rome linaweruza Galileo chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa; Galileo ndiye amanena zoona, ndipo mu 1992 Papa John Paul II anavomera poyera kuti oweruza aja analakwa. Zaka 359 ndi nthawi yaitali yoti munthu anene kuti pepani. Mwana wa sekondale adzaimva nkhani imeneyi ndithu, ndipo nkwabwino kuti aimve poyamba kwa mphunzitsi wa katekisimu wake.

Funso la mnyamata uja ndilo lolemera, pakuti kumbuyo kwake kuli maliro. Anthu a kuchigwa cha Phalombe ndi a ku Zomba akhala akunena kuyambira kale za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimatsika ndi madzi, miyala ndi mitengo, nkusesa zonse za m'njira mwake. Anamtchula mu Disembala 1946, pamene madzi anatsika m'phiri la Zomba naononga milatho ndi nyumba. Anamtchulanso mu Malichi 1991, pamene Michesi anakhuthula matope ndi matanthwe pa Phalombe, anthu mazanamazana nafa. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anachita zomwezo ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu amene anafa kapena kusowa m'dziko muno anaposa 1,000. Namondweyo anabadwira kutali, pa nyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia, kumayambiriro a Febuluwale, nawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, nakhala masiku 36, ndipo pa anamondwe onse olembedwa m'mabuku panalibe amene anakhalitsa chotero. Akatswiri a zanyengo ankamuona tsiku ndi tsiku, nachenjeza pa wailesi asanafike. Zimene zimachitika m'phiri nazonso nzodziwika. Dothi la pamtsetse ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pali thanthwe losalowa madzi. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothilo limakhuta madzi, limalemera, ndipo madzi oyenda pakati pa dothi ndi thanthwe amaliterereketsa. Likangosuntha, limakokolola matanthwe ndi mitengo, nkutsika m'makwawa ngati phala. Kudula mitengo kumakulitsa ngozi, chifukwa mizu ndiyo imagwira dothi, ngakhale kuti mvula yoposa muyeso imatha kugumula ndi phiri la mitengo lomwe.

Kodi mwana auzidwe zimenezi, chikhalirecho agogo ake anamuuza za chinjoka? Inde auzidwe, ndipo chifukwa chachikulu ndi moyo wake womwe. Munthu wokhulupirira kuti phiri limagumuka pamene chinjoka chafuna alibe chochita koma kudikira. Munthu wodziwa kuti limagumuka dothi likakhuta madzi amawerenga masiku a mvula, amamvera wailesi, amaona mng'alu pamtsetse ndi kuda kwa madzi a mumtsinje, nasamutsa ana ake kusanade. Kumubisira mwana chidziwitso chimene chingadzapulumutse banja lake, pofuna kusunga mtendere wa madzulo amodzi, si chifundo. Pali chifukwa china, chimene aphunzitsi a katekisimu amachidziwa bwino kuposa akatswiri. Kumene anthu sadziwa gwero la tsoka, amafuna munthu woti amuloze chala, ndipo kawirikawiri chalacho chimagwera nkhalamba yosauka imene ilibe woiteteza. Ena amati tsokalo ndi chilango cha Mulungu pa mudzi wakutiwakuti, ndipo potero amasenzetsa ofedwa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 13, Ambuye Yezu anakana maganizo amenewa ponena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Mnyamata wofedwa uja ayenera kumva momveka bwino kuti abale ake sanafe chifukwa anali ochimwa kuposa amene anapulumuka.

Komatu apa pali dzenje lina, limene ophunzira amagweramo kawirikawiri kuposa osaphunzira. Mwana angathe kubwera kuchokera ku Chichiri mutu utakula, nakafika pakhonde pa agogo ake nkuwauza kuti zonse zimene amanena nzaumbuli. Mtsogoleri amene wabweza mwana wotero kwa makolo ake wawononga ulendo wonse. Ndipo mwala womwewo uli ndi mankhwala a matendawa. Kwa zaka zambiri anthu ophunzira a ku Ulaya ankakana kuti mwala ungagwe kuchokera mumlengalenga. Alimi ankati tauona ndi maso athu, tamva kugunda kwake, tautola; ophunzira ankaseka, namati ndi nthano za anthu a kumudzi. Ernst Chladni atalemba mu 1794 kuti alimiwo amanena zoona, ambiri sanammvere. Kenaka pa 26 Epulo 1803 miyala pafupifupi 3,000 inagwa masana pafupi ndi L'Aigle ku France, ndipo katswiri wachinyamata, Jean-Baptiste Biot, anatumidwa kukafufuza. Iye anayenda mudzi ndi mudzi, nafunsa alimi, akazi, asilikali ndi ansembe, nayerekeza umboni wawo, naona miyalayo. Ndipo kuyambira pamenepo ophunzira anavomera. Amene anali ndi zoona m'manja anali anthu osadziwa kulemba. Chimene ophunzira anawonjezapo ndi kufotokoza kolondola, ndipo anakupeza pamene anadzichepetsa nayamba kumvetsera.

Chimodzimodzinso ndi Napolo. Makolo sanaone chinjoka, koma anaona zambiri. Anaona kuti tsokalo limadza pambuyo pa mvula yosalekeza, kuti limayamba ndi mkokomo m'phiri, kuti limatsata makwawa ndi mitsinje kulowera kunyanja, ndiponso kuti kumene linadutsa kale lingathe kudutsanso. Zonsezi nzoona, ndipo katswiri wa miyala sangazitsutse. Anazimanga m'nthano ya chinjoka chifukwa nthano imakumbukika, ndipo imayenda kuchoka kwa agogo kufika kwa chidzukulu popanda pepala. Mwana wophunzitsidwa bwino adzadziwa kusiyanitsa chimanga ndi makoko ake, ndipo sadzataya ngala chifukwa makoko sadyedwa. Agogo okumbukira pamene madzi anafika mu 1991, ndi mbali ya mudzi imene inatsala, ali ndi chidziwitso chimene sichinalembedwe m'nyumba iliyonse yosungiramo zakale. Lamulo lachinayi, lolamula kulemekeza makolo, ndi lachisanu ndi chitatu, loletsa kunama, zinaperekedwa tsiku limodzi, ndipo palibe amene anapatsidwa ufulu wosunga lina pophwanya linzake.

Wina anganene kuti mwana ndi wofooka, ndipo si zoona zonse zimene angasenze. Kunena kumeneku kuli ndi mbali yoona. Khanda salipatsa nsima ya kondowole. Kholo lili ndi ufulu, ndiponso udindo, wosankha nthawi ndi muyeso. Mwana wa zaka 7 sayenera kuuzidwa zonse zimene wa zaka 14 angamve. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa kupatsa mwana chakudya chochepa ndi kumpatsa chakudya chovunda. Chimene wauzidwa lero chikhale choti mawa adzangowonjezapo, osati choti adzayambe wachigumula. Ndipo mwana amene wafika pofunsa funso molunjika, monga anachitira mnyamata uja, wasonyeza kale kuti nthawi yake yakwana.

Palinso liwu limene akuluakulu amaliopa kuposa onse, lakuti sindidziwa. Mphunzitsi wa katekisimu wa kumudzi sanaphunzire za nyenyezi, ndipo palibe amene angamdzudzule pa chimenecho. Koma liwulo lili pawiri. Pali sindidziwa wa ulesi, amene tanthauzo lake ndi lakuti ndisiye. Ndipo pali sindidziwa wa munthu woona, amene amatsatana ndi mawu akuti tiyeni tikafunse. M'nyumba ngati ya ku Chichiri muli anthu olembedwa ntchito yoyankha mafunso, ndipo mwana amene waona mphunzitsi wake wa imvi akufunsa modzichepetsa kwa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake waphunzira chinthu choposa msinkhu wa mwala. Pamwamba pa apo pali sindidziwa wina wozama, amene ngakhale wansembe ndi katswiri ayenera kunena pamodzi. Sayansi ingafotokoze chifukwa chake phiri linagumuka. Singafotokoze chifukwa chake nyumba iyi inapita ndipo yoyandikana nayo inatsala, mwa njira imene ingatonthoze mwana wamasiye. Buku la Yobe lonse linalembedwa pa funso limenelo, ndipo amene anadzudzulidwa pamapeto pake ndi abwenzi aja amene anali ndi mayankho okonzeratu.

Gulu la Sikauti lili ndi chifukwa chakechake chosamalira zimenezi. Robert Baden-Powell, amene analiyambitsa ndi anyamata 20 pa chilumba cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, ndipo anaikidwa m'manda ku Nyeri m'dziko la Kenya mu 1941, ankafuna ana ozolowera kupenyetsetsa: kuwerenga mapazi a nyama, kudziwa mitengo, kupeza njira poona nyenyezi. Ndipo lamulo loyamba limene anawapatsa ndi la kukhulupirika kwa mawu awo. M'Malawi muno gululi linazilala m'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene achinyamata ankasonkhanitsidwa m'gulu la Malawi Young Pioneers. Linadzukanso ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, ndipo mu 2005 linalandiridwa m'bungwe la Asikauti a dziko lonse lapansi. Sikungatheke kumphunzitsa mwana kupenyetsetsa nkumuletsa kufunsa za zimene wapenya. Sikungathekenso kumlumbiritsa kuti azinena zoona, womlumbiritsayo akumnamiza.

Ndiponso mafunso a ku Chichiri ndi oyamba chabe. Ku Karonga kuli nyumba ina, imene inatsegulidwa mu 2004, m'mene muli chifanizo cha mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene chinakhala m'dera limenelo zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Ndipo ku Uraha, m'boma lomwelo, kunapezeka mu 1991 chibwano cha cholengedwa cha mtundu wa anthu chimene akatswiri amachiyesa cha zaka pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka. Ana a ku Jenala mwina sadzafikako msanga, pakuti nkutali, koma zithunzi zake zidzawapeza m'mabuku ndi m'mafoni, ndipo adzafunsa za Adamu ndi za masiku asanu ndi limodzi. Eklezia anayankhapo kale. Papa Pius XII anaphunzitsa mu 1943 kuti womasulira Malembo azizindikira mtundu wa kalembedwe ka buku lililonse, ndipo mu 1950 analola kuti akatswiri afufuze za chiyambi cha thupi la munthu, pokhapokha asakane kuti mzimu wa munthu amaulenga ndi Mulungu mwini. Chomvetsa chisoni nchakuti mayankho amenewa, amene ali ndi zaka zoposa 70, amafika ku seminale koma kawirikawiri safika pansi pa mtengo wa mango. Mlandu umenewo si wa aphunzitsi a katekisimu okha. Ansembe amene amawaphunzitsa ali nawo gawo lalikulu.

Mphunzitsi uja, tsono, anayankha mtsikanayo pomwepo, namfotokozera za kumwamba kuwiri, ndipo pa za Mars ndi Jupiter anaitana woyang'anira nyumbayo kuti afotokoze, iye namvetsera pamodzi ndi ana. Mnyamata uja sanamuyankhe pagulu. Anadikira mpaka pobwerera, galimoto litapyola Chiradzulu, Michesi atayamba kuonekera patsogolo, nakhala naye pampando umodzi, namuuza za dothi lokhuta madzi ndi thanthwe la pansi pake, namuuzanso kuti abale ake sanalangidwe. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa: "Nanga agogo ndikawauze kuti chiyani, Aphunzitsi?" Mphunzitsiyo anati: "Usawauze kanthu lero. Mawa ndibwera kwanu, ndipo tikawapemphe atisonyeze pamene madzi anadutsa mu 1991. Utenge kope ndi pensulo."